N'chifukwa chiyani mabuleki amakana pamtsetse?

Minibasi zambiri zomwe timakwera popita ku Dowa ndi ku Ntchisi ndi zogwiritsidwa kale ntchito, zochokera ku Japan. Pamalo athyathyathya zimayenda bwinobwino. Mayeso ake enieni ali pamtsetse, ngati uja wa mumsewu wa M14 potsika kuchoka ku Mvera kulowera ku Salima. Tiyeni tione zomwe zimachitika, pogwiritsa ntchito physics yomwe mumaphunzira mkalasi.

Galimoto ikakhala pamwamba pa phiri imakhala ndi potential energy, yomwe timaipeza ndi mgh. Tiyerekeze minibasi yodzaza ya makilogalamu 2,500 ikutsika mamita 200. Tikatenga g kukhala 10, tipeza 2,500 × 10 × 200, omwe ndi ma joule 5,000,000. Mphamvu imeneyi siingangosowa ayi. Dalaivala akaponda mabuleki, mapadi amakhuzana ndi chitsulo chozungulira limodzi ndi tayala, ndipo mphamvu ija imasanduka kutentha. Kutentha kwake n'kokwanira kufikitsa malita pafupifupi 16 a madzi powira. Tangoganizani, pafupifupi ndowa yonse!

Nanga vuto lili pati? Phazi la dalaivala limafikitsa mphamvu kumatayala kudzera m'mafuta a mabuleki, chifukwa zamadzimadzi sizifinyika. Pajatu ndi mfundo ya Pascal imeneyi. Koma mafutawa amayamwa chinyezi pang'onopang'ono. A mtundu wa DOT 3 akakhala atsopano sawira mpaka madigiri 205, pomwe akale omwe alowa madzi amatha kuwira pa 140 basi. Akawira amatulutsa nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika. Dalaivala amaponda mpaka pansi, galimoto osaima.

Choncho wogula galimoto yakale asanainyamulitse anthu, makaniko aone izi. Choyamba, mafuta a mabuleki akhuthulidwe, athire atsopano. Opanga galimoto ambiri amati izi zizichitika zaka ziwiri zilizonse. Chachiwiri, mapadi akhale ndi nyama yokwanira, ndipo mapaipi asamadonthe. Chachitatu, matayala. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi osonyeza nthawi yomwe linapangidwa: 2318 ndiye kuti sabata ya 23 m'chaka cha 2018. Tayala lokalamba limauma n'kung'aluka ngakhale mizere ikuonekabe.

Kayendetsedwe nakonso n'kofunika. Madalaivala ena amachotsa giya pamtsetse poti apulumutse mafuta. Apo ntchito yonse yagwera mabuleki okha. Giya yotsika, ngati 2 kapena 3, imachititsa injini kugwira galimoto, ndipo gawo la kutentha kuja limatulukira ku injini. Katundu wopyola muyezo ndiye amawonjezera m mu mgh muja, kutentha n'kukwera chimodzimodzi.

Mukamva fungo lopserera potsika phiri, musachite manyazi, auzeni adalaivala aime mabuleki azizire.

Ntchito yanu: ngati minibasi ija yawonjezera matumba 10 a chimanga, lililonse la makilogalamu 50, kodi mabuleki alandira ma joule angati owonjezera pamtsetse womwewo?