Kugula nyumba ku Liwonde kapena ku Balaka muli kunja kwa dziko

Anthu ambiri a ku Machinga ndi ku Balaka amene akugwira ntchito ku Joni amafika polakalaka nyumba yawoyawo kwawo, kaya ku Liwonde moyang'anana ndi Shire, kaya pa tauni ya Balaka. Ena anapeza banja komweko, ndipo mnzawoyo ndiye ali ndi ndalama. Chithunzi cha nyumba ya malata atsopano chikafika pa WhatsApp, mtima umathamanga. Dekhani kaye, musanapite pa Mukuru.

Yambani ndi za unzika. Malamulo a malo a 2016 anasinthidwanso mu 2022, ndipo tsopano munthu amene si nzika ya Malawi sangangogula malo monga zinkakhalira kale. Khomo lotsala ndi la obwera kudzakhazikitsa bizinesi, nawonso podzera ku boma. Ngati amuna anu kapena akazi anu ndi a dziko lina, pa mapepala padzalembedwa dzina lanu, choncho khalani pansi ndi loya mulembe zimene mwagwirizana pa ndalamazo chikondi chikadali chotentha. Ngati inuyo munatenga unzika wa kwina, pitani ku Immigration mukalongosole, chifukwa Malawi anayamba kulola unzika wa mayiko awiri. Zolemba nyumba m'dzina la alamu anu kuti zifulumire, zimenezo ayi. Alamuwo akadzamwalira, ana awo adzaiyesa chuma chamasiye cha bambo awo.

Kenako funsani kuti malowo ndi amtundu wanji. Akakhala a lizi, wogulitsa aonetse chikalata chenicheni, ndipo loya wanu akafufuze ku ofesi ya Lands ngati dzina likugwirizana ndi chitupa chake, ngati nyumbayo sinaikidwe chikole ku banki, ndiponso ngati palibe ngongole ya lendi ya malo kapena ya kukhonsolo. Munthu woyeza malo akakuonetseni mabikoni onse. Mpanda wa njerwa ukhoza kulowa mwa eni ake.

Povuta kwambiri ndi pa malo a kumudzi, ndipo malo ambiri ozungulira Liwonde, Ntaja ndi Ulongwe ndi otere. Kuno ambiri amatsata chikamwini: malo ndi a mbumba, amayenda kuchokera kwa mayi kupita kwa ana aakazi. Bambo amene akukutsatsani nyumbayo akhoza kukhala kuti anaimangadi ndi thukuta lake, koma dothi limene yakhalapo ndi la akuchikazi. Mukalipira iye yekha, chaka chamawa mudzapeza atsibweni a mayiwo atakhala pakhonde, akufunsa kuti anakulowetsani ndani. Ndiye tumani munthu wanu wokhulupirika akaonane ndi mwini mbumba, amayi a pamalopo ndi alongo awo, anyakwawa ndi agulupu, onse tsiku limodzi, ayende m'malire pamodzi ndi oyandikana nawo. Kumene komiti ya malo inakhazikitsidwa, nayo ikhalepo. Kalata ya amfumu ndi yofunika, koma payokha sikupatsani umwini wokwanira, ndipo malamulo amakono anakhwimitsa zogulitsa malo a makolo. Funsani ofesi ya malo kwa DC ngati malo amenewo angasamutsidwe n'komwe, yankho likhale lolembedwa.

Nyumba ya m'mbali mwa madzi imakongola m'chilimwe. Muione mu Febuluwale. Anthu a m'maboma awiriwa akukumbukira madzi osefukira a mu Januwale 2015 ndi namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, ndipo nyanja ya Malawi itadzaza mu 2024 madzi analowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi. Ku Chilwa ndi ku Chiuta madzi amathawa zaka za chilala n'kusiya bwalo looneka ngati puloti, kenako amabwerera. Wotumidwa wanu ayang'ane m'munsi mwa khoma: mzere wa matope, pulasitala wofufuma, penti watsopano wolekezera m'mawondo. Afunse agogo oyandikana nawo pamene madzi anafika. M'madera ena a Balaka dothi ndi lamakande, limang'aluka kukauma, nyumba yopanda maziko olimba imang'ambika nalo. Alawenso madzi a pamjigo, popeza ena ndi amchere, ndipo aone mabilu a ESCOM ndi a Southern Region Water Board. Nyumba yoyandikira kwambiri msewu waukulu kapena njanji ya ku Nayuchi ikhoza kukhala m'malo a boma.

Ndalama zilipiridwe m'magawo, kudzera ku banki, m'dzina la mwini weniweni, osati dobadoba amene anakutumizirani chithunzi. Gawo lomaliza lidikire mpaka mapepala osinthira dzina atasainidwa pamaso pa mboni za mbali zonse ziwiri. Wogulitsa akamati pali wina akubwera ndi ndalama mawa, musiyeni agulitse kwa ameneyo.

Mukagula, nyumba isakhale yokha. Chiswe sichichedwa kukwera pa phaso, ndipo malo opanda munthu amayamba kulimidwa ndi oyandikana nawo. Ikanimo walendi kapena m'bale, koma ngakhale akhale mchemwali wanu, lemberanani kuti akukhalamo mongosunga, amfumu asainirepo, ndipo kalata imodzi mupite nayo ku Joni.