Mawu akuti "clean": tsache lokha silimaliza ntchito

Kuyambira mu Novembala 2020, pamene boma linakhazikitsa National Clean-up Day, tsiku loyeretsa malo lomwe linaikidwa pa Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse, mawu a Chingerezi akuti "clean" afika pakamwa pa anthu ambiri. Amamveka pamisonkhano ya makomiti a chitukuko, amaoneka pa zikwangwani za kuchipatala ndi pa zidziwitso za ntchito. Komabe ambiri akawamva amangothamangira tsache, ngati kuti tanthauzo lake ndi kusesa basi.

Gwero la chisokonezo n'lakuti Chichewa chimapatsa ntchito iliyonse ya ukhondo dzina lake. Bwalo amasesa, pansi pasimenti amakolopa, mbale amatsuka, zovala amachapa, tebulo amapukuta, ndipo nyumba yadothi amazira. Chingerezi nachonso chili ndi mayina otere: "sweep" ndi kusesa, "mop" kukolopa, "wipe" kupukuta, "scrub" kukwecha, pamene "wash" amagwira ponse pawiri, pa kuchapa ndi kutsuka. Koma pamwamba pa onsewa pali "clean", mawu amene satchula chida kapena njira. Amangonena cholinga, chomwe ndi kuchotsa litsiro. Choncho wolembedwa ntchito akauzidwa kuti "Clean the house", wauzidwa kusesa, kukolopa, kupukuta fumbi ndi kukwecha chimbudzi, zonse m'mawu atatu. Wanzeru amafunsiratu kuti ntchitoyo ikuyambira pati ndipo ikuthera pati, chifukwa kusamvana pa mfundo imeneyi kumadanitsa bwana ndi wantchito.

Mawuwa ndi mneni komanso mfotokozi. Mu "She cleans the kitchen every morning" akunena zochita, kuti amayeretsa kukhitchini m'mawa uliwonse. Mu "The kitchen is clean" akunena mmene malowo alili. Zochitika kale ndi "cleaned". Akawonjezeredwa "up" amanena za kuchotsa zinyalala zomwe zaunjikana kapena zamwazikana, monga pamsika msika ukatha. "Clean out" ndiye kutulutsa zonse za m'kati, monga m'nkhokwe chimanga chatsopano chisanalowe. "Cleaner" ndi munthu wogwira ntchitoyi, komanso mankhwala a m'botolo otsukira chimbudzi amatchedwa chimodzimodzi. Ofunsira ntchito adziwe kuti "housekeeper" amasenza zambiri kuposa "cleaner", pakuti iye amayang'anira kayendetsedwe ka pakhomo kapena zipinda za kuhotela. Ana asukulu nawo asamasokoneze "housework", ntchito zapakhomo, ndi "homework" ya aphunzitsi, ngakhale kuti ena mwa iwo angakonde zonse ziwiri zitathetsedwa.

Pali mawu ena awiri oyandikana nawo amene kusiyana kwake kumakhudza moyo. Oyamba ndi "tidy", kulongosola zinthu kuti chilichonse chikhale pamalo pake. Nyumba ikhoza kukhala "tidy", mipando ili m'malo, mbale zili pathandala, koma ndowa ya madzi akumwa ili yosatsuka ndiponso yosavindikira. Mlendo angayamikire, koma nyumbayo sinafike pa "clean".

Achiwiri ndi "disinfect", kupha tizilombo toyambitsa matenda ndi mankhwala monga klorini. Apa m'pamene "clean" amaperewera. Mliri wa kolera umene unayamba m'boma la Machinga mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo kachilombo ka kolera sikaoneka ndi maso. Madzi a pachitsime chosatetezedwa akhoza kuyera mbee koma ali ndi matenda. N'chifukwa chake zolemba za a zaumoyo nthawi zambiri zimanena "safe water", madzi otetezeka, m'malo mongoti "clean water".

Ntchito ziwirizi zili ndi dongosolo lake: kuyeretsa kumayamba, kupha tizilombo kumatsatira. Klorini akathiridwa pamalo pomwe pali matope kapena zonyansa, mphamvu yake imathera pa litsirolo. Pansi pa chimbudzi payambe pakwechedwa ndi sopo ndi madzi, kenako pathiridwe mankhwala. Madzi akumwa akakhala ovunduka ayambe adikha kapena asefedwe ndi nsalu yoyera, klorini athiridwe pa mlingo umene mlangizi wa zaumoyo wanena, ndipo papite mphindi 30 asanamwedwe.