Phunziro 24: Sola, Mphepo ndi Matalala

KUWERENGA

Dzuwa latuluka.
Dzuwa likuwala pa denga.
Pa denga pali sola.
Sola ili ndi galasi lakuda.

Sola imalandira kuwala kwa dzuwa.
Kuwala kumasanduka magetsi.
Magetsi amayenda m'waya.
Magetsi amalowa m'batire.
Batire imasunga magetsi mpaka usiku.

Usiku nyale imayaka.
Ana amawerenga.
Amayi amasankha nyemba.
Agogo amamvera wailesi.

sa se si so su
la le li lo lu
so-la, sola
wa-ya, waya
de-nga, denga

ADANI A SOLA

Sola imakhala panja usana ndi usiku. Mvula yabwino siiwononga sola. Mvula imatsuka fumbi la pa galasi. Koma sola ili ndi adani anayi.

Mdani woyamba ndi mphepo ya mkuntho. Mphepo imanyamula sola imene sinamangidwe bwino.

Mdani waciwiri ndi matalala. Galasi la sola ndi lolimba, koma matalala akuluakulu angathe kuliswa.

Mdani wacitatu ndi mphenzi. Mphamvu ya mphenzi imayenda m'waya, ndipo imawocha batire, nyale ndi foni.

Mdani wacinayi ndi madzi osefukira. Madzi akalowa m'nyumba, batire ya pansi imawonongeka.

NKHANI

M'mudzi wina pafupi ndi Ulongwe, ku Angonia, munali mtsikana wa kalasi yoyamba. Atate ake anali mlimi wa mbatatesi. Atagulitsa mbatatesi, anagula sola, batire ndi nyale ziwiri. Anaika sola pa denga la malata, naikanikiza ndi miyala.

M'mudzimo munali thumba la pamodzi. Nyumba iliyonse yokhala ndi sola inkaponya ndalama pang'ono mwezi ndi mwezi. Anyakwawa ndi amayi awiri ndiwo ankasunga bukhu la thumbalo.

Atate anati: "Sola yathu ndi yatsopano. Tiponyerenji ndalama?"

Amayi anati: "Abambo, mvula ya Janeiro mukuidziwa. Ine ndiziponya ndalama ya mazira."

Ndipo amayi anayamba kuponya.

Tsiku lina madzulo kunada. Bingu linagunda. Mphepo inawomba kwambiri. Miyala inagubuduka pa malata. Sola inauluka, nigwera pabwalo. Galasi linasweka.

Mtsikana anathamanga kuti akaitole. Agogo anamugwira dzanja.

Agogo anati: "Iwe mwana, usakhudze! Galasi limaceka. Ndipo sola yosweka imapangabe magetsi dzuwa likawala."

Usiku umenewo m'nyumba munali mdima. Mtsikana sanawerenge bukhu lake.

Iye anafunsa kuti: "Ababa, kodi nyale idzayakanso?"

Atate anati: "Mbatatesi tidzakumba patsogolo, mwanangu. Lero ndalama palibe."

M'mawa amayi anapita kwa anyakwawa. Anyakwawa anabwera ndi amayi awiri aja. Anaona sola yosweka. Anatsegula bukhu. Dzina la amayi linalimo, mwezi uliwonse.

Anyakwawa anati: "Thumba likupatsani ndalama zambiri za sola ina. Zotsala muwonjezere nokha. Koma miyala ija ayi. Sola yatsopano muimange ndi mabawuti."

Atate anawomba m'manja, nati: "Zikomo, anyakwawa. Kuyambira mwezi uno ndiziponya ndine."

Patapita sabata imodzi, nyale inayakanso. Mtsikana anawerenga mokweza, ndipo agogo anamvetsera.

SEGURO NDI CIANI?

Anthu ambiri amaponya ndalama pang'ono pamalo amodzi. Tsoka siligwera onse tsiku limodzi. Amene tsoka lamugwera amathandizidwa ndi ndalama za onse. Amene tsoka silinamugwere salandira kanthu, koma amagona mtima uli m'malo.

M'mudzi anthu amati thumba la pamodzi. Kampani ikamacita nchito yotere, pa Cipwitikizi amati seguro. Ku Malawi ndi ku Zambia amati inshuwalansi.

MAWU ATSOPANO

sola: cipangizo cosandutsa kuwala kwa dzuwa kukhala magetsi
batire: cosungira magetsi
matalala: madzi oundana ogwa ngati timiyala
namondwe: mphepo yaikulu ndi mvula yambiri, yocokera ku nyanja yamcere
seguro: pangano lolipira pang'onopang'ono kuti cinthu cikawonongeka munthu athandizidwe

MAFUNSO

1. Kodi sola imalandira ciani kucokera ku dzuwa?
2. Chula adani anayi a sola.
3. N'cifukwa ciani sola inauluka pa denga?
4. N'cifukwa ciani agogo analetsa mtsikana kukhudza sola yosweka?
5. Ndani ankaponya ndalama m'thumba?
6. Jambula nyumba, dzuwa ndi sola. Lemba mawu akuti sola pansi pake.

MASAMU

1. M'mudzi muli masola 9. Mphepo yagwetsa masola 2. Atsala angati pa madenga?
2. Nyumba 5 zaponya ndalama lero. Nyumba 3 zaponya dzulo. Zonse pamodzi ndi zingati?
3. Nyumba ili ndi nyale 4. Mphenzi yawocha nyale imodzi. Zikuyaka ndi zingati?

KWA MAKOLO NDI ABALE

Gawo ili wamkulu awerengere banja lonse.

Damu la Cahora Bassa, pa mtsinje wa Zambezi ku Songo, limapanga magetsi ambiri. Koma mawaya a EDM sanafike m'midzi yonse. Cifukwa cake mabanja ambiri amagula sola. Sola yosamalidwa bwino imatha kugwira nchito zaka 20 kapena kuposa. Batire imatha msanga kuposa sola.

Nyengo ya mvula imayamba ca m'Novembro mpaka ca m'Março. Iyi ndiyo nthawi ya mphepo, mphenzi ndi anamondwe. Mu Março 2019 namondwe Idai anawononga mzinda wa Beira. Mu Janeiro 2022 namondwe Ana anadzaza mtsinje wa Revúbuè, ndipo mlatho wa pafupi ndi mzinda wa Tete unaduka. Mu Março 2023 namondwe Freddy analowera ku Quelimane, nagwetsa mvula yambiri mpaka ku Malawi. Bungwe la INAM ndilo limalengeza za nyengo, ndipo Rádio Moçambique ku Tete imaulutsanso m'Cinyanja. Banja lomvera wailesi limakonzeka mphepo isanafike.

Kusamala sola

Sola iyang'ane kumpoto, cifukwa m'miyezi ya cisanu dzuwa limadutsa ca kumpoto. Ikhale yopendeka pang'ono kuti madzi ndi fumbi zizitsika. Imangidwe ndi mabawuti ku mitengo ya denga. Miyala ndi njerwa sizigwira mphepo ikakula. Nthambi zolendewera pamwamba pa denga zidulidwe mvula isanayambe. Batire ikhale pamalo okwera ndi ouma, posafika ana. Bingu likayamba kugunda, foni ndi wailesi zicotsedwe ku waya. Sola yaing'ono yosamangidwa ilowe m'nyumba wailesi ikacenjeza za namondwe. Galasi lipukutidwe m'mawa lisanatenthe, ndi kansalu kofewa konyowa.

Garantia ndi seguro n'zosiyana

Sitolo imapereka pepala la garantia. Garantia imathandiza ngati sola inalakwika popanga. Kawirikawiri siilipira zowonongeka ndi mphepo, matalala, mphenzi kapena madzi. Zimenezi ndi nchito ya seguro.

Ku Mozambiki kuli makampani angapo a seguro. Imodzi mwa akale ndi EMOSE, imene inayamba mu 1977. Pangano la seguro limalembedwa papepala lochedwa apólice. Ndalama imene munthu amalipira pa mwezi kapena pa caka ndi prémio. Gawo limene mwini amadzilipirira yekha cinthu cikawonongeka ndi franquia. Mwacitsanzo, sola ikhale ya mametikali 4 000, ndipo franquia ikhale 1 000. Ikasweka, kampani ipereka 3 000, mwini awonjezera 1 000.

Asanasaine, mwini nyumba afunse mafunso awa. Kodi seguro ya nyumba ikuwerengera sola ya pa denga? Kodi mphepo, matalala, mphenzi ndi madzi osefukira zachulidwa papepala? Kodi batire ilimo? Kodi franquia ndi zingati? Kodi ngozi ikacitika, kampani iuzidwe pasanathe masiku angati? Mawu a pakamwa sakwanira. Zonse zilembedwe. Amene sadziwa kuwerenga Cipwitikizi apite ndi mbale wodziwa.

Mabanja ena amatenga sola pa ngongole, namalipira pang'onopang'ono pa foni, monga pa M-Pesa kapena e-Mola. Iwonso afunse kuti: sola ikasweka ndi matalala ngongole isanathe, alipire ndani?

Lisiti la sitolo lisungidwe m'pepala la pulasitiki. Nambala ya kumbuyo kwa sola ilembedwe m'kope. Sola ikawonongeka, ijambulidwe pa foni isanasunthidwe, ndipo isatayidwe mpaka a kampani aione. Seguro silipira sola yongotha ndi ukalamba, ndipo ingakane kulipira sola yomangidwa mosasamala.

Thumba la m'mudzi

Kumene kampani kulibe, mabanja angathe kuyamba thumba lawo. Mwacitsanzo, nyumba 20 ziziponya mametikali 50 pa mwezi. Pa mwezi ndi 1 000. Pa caka ndi 12 000. Ngati sola imodzi ndi 4 000, thumba lingagule masola 3 pa caka.

Thumba likhale ndi malamulo olembedwa. Bukhu lisungidwe ndi anthu atatu a nyumba zosiyana. Ndalama ziwerengedwe pamaso pa onse. Wolowa m'thumba ayambe waonetsa kuti sola yake yamangidwa bwino.

Thumba la m'mudzi lili ndi malire. Namondwe wamkulu angawononge nyumba zonse 20 usiku umodzi, ndipo ndalama sizingakwane. Kampani ya seguro imasonkhetsa ndalama m'madera ambiri otalikirana, conco imapirira tsoka la mudzi umodzi. N'cifukwa cake mabawuti olimba ndiwo oyamba, thumba kapena seguro zibwere pambuyo.

NCHITO YA KUNYUMBA

Mwana ndi wamkulu aime pabwalo m'mawa. Mwana aloze kum'mawa ndi dzanja lamanja. Kumene nkhope yake yayang'ana ndiko kumpoto. Ngati pa nyumba pali sola, aone ngati yayang'ana kumeneko, ndiponso ngati yamangidwa ndi mabawuti kapena yakanikizidwa ndi miyala. Mwana asakwere pa denga. Mawa akauze aphunzitsi zimene waona.