Tochi ya m'chikwama cha mayi woyembekezera

Amayi anzanga, kusikelo timakuuzani zoti muike m'chikwama mimba ikafika miyezi 8: zitenje, beseni, pepala la pulasitiki, lumo latsopano ndi ulusi. Lero ndiwonjezerepo tochi. Matenda sasankha nthawi. Amayi ambiri amene ndawachiritsa ananyamuka kwawo usiku, ndipo m'dzinja tinjira tobwera kuchipatala cha Ludzi timadutsa m'chimanga ndi m'matope, pena pamlatho wa mitengo iwiri. Njoka nazo zimayenda nthawi yomweyo.

Wina ati, "Foni yanga ili ndi tochi." Zoona, koma foniyo ndi imene mudzaimbire wakabaza ndi achibale. Mukaunikira nayo njira yonse, moto udzatha pamene mukuifunitsitsa.

Pogula musatengeke ndi kukula. Sankhani yaing'ono, yokwana m'dzanja, ya mababu a LED, chifukwa sadya mabatire ngati mababu akale aja. Ikhale yolowa mabatire a AA kapena AAA, omwe savuta kupeza m'magolosale. Ngati papaketi alembapo ma lumens, 100 akukwana kuona poponda. Yowala mopitirira imangomaliza mabatire msanga. Zotchaja ndi dzuwa kapena pamagetsi nzabwino kwa munthu wokumbukira kutchaja, koma yoiwalika m'chikwama mudzaipeza ilibe moto.

Ine ndimakonda ija ya lamba, yovala pamphumi. Woivala ndi woperekeza, kaya ndi apongozi kaya ndi bambo a kunyumba, ndipo manja onse awiri amatsala ogwirira mayi ndi kunyamulira katundu. Ena amachita nayo manyazi, ati akuoneka ngati a m'migodi ya ku Joni. Manyaziwo amatha mukafika pamlatho paja.

Musapereke ndalama musanaiyese. Yatsani ndi kuzimitsa kangapo, kenaka igwedezeni ili chiyakire. Ikaphethira, isiyeni. Tsegulaninso chotsekera muone ngati muli kamphira kotchinga madzi a mvula.

Kunyumba chotsani mabatire, muwamange pamodzi ndi ena apadera m'kapepala ka shuga. Akakhalitsa m'kati amatuluka madzi owononga tochi. Ndipo ana asaidziwe pomwe ili!

Mwana akabadwa musamuunike m'maso. Lozetsani kuwala kukhoma. Inu okhala kutali, bwerani kuchiyembekezero masiku asanakwane, tochiyo muzingopitira nayo kuchimbudzi usiku.