Phunziro: Mpeni Wakale Umapeza Bwanji Mtengo Wake?

M'nyumba zambiri muno mu Karonga muli zitsulo zimene makolo anasiya: mpeni, mkondo, nkhwangwa kapena khasu losula. Ena amaziponya kuseri kwa nkhokwe. Ena amazigulitsa pa sikelo kwa ogula zitsulo zakutha. Komatu pali anthu amene amasakasaka zinthu zotere n'kumazisunga ngati chuma. Lero tiphunzira chimene chimakweza mtengo wa mpeni wakale, ndi kasamalidwe kake.

Mipeni ya abusa a ku South America

Tiyambe ndi chitsanzo cha kutali: ku Argentina, ku Uruguay ndi kummwera kwa Brazil kuli abusa otchedwa gaucho. Ndi anthu a ng'ombe ngati ife a kuno, koma iwo amaweta atakwera pa akavalo. M'zaka za m'ma 1800, mbusa wotere sankayenda popanda mpeni wautali wotchedwa facón, umene ankausomeka pa lamba kumsana. Ndi mpeni womwewo ankapha ng'ombe, kusenda chikopa, kudula nyama yowotcha ndi kudziteteza. Wopeza bwino ankapita kwa mmisiri kuti amukutire chogwirira ndi chimake cha mpeniwo ndi siliva wozokota. Chitsulo chodulira nthawi zambiri chinkachokera ku Sheffield ku England kapena ku Solingen ku Germany. China ankachidula ku malupanga akale a asilikali. Masiku ano mipeni imeneyi imagulidwa modula. Wogula wodziwa amafunsa mafunso anayi.

1. Anaupanga ndani? Amisiri ambiri ankadinda dzina kapena chizindikiro chawo pa siliva ndi pa chitsulo. Chidindo chimathandiza kudziwa malo ndi nthawi imene mpeni unapangidwa.

2. Anaupanga ndi chiyani? Nambala 800 kapena 900 ikadindidwa pa siliva, ndiye kuti pa magawo 1,000 alionse, magawo 800 kapena 900 ndi siliva weniweni. Pali chitsulo china chotchedwa alpaca chimene chimawala chimodzimodzi, koma mulibe siliva ngakhale pang'ono. Chimenechi n'chotsika mtengo.

3. Kodi udakali mmene unalili? Mpeni umene anausintha chogwirira, kapena kuupala mpaka chidindo kufufutika, umatsika mtengo ngakhale uziwala chotani.

4. Mbiri yake ndi yotani? Mpeni umene mwini wake woyamba akudziwika umaposa unzake wofanana nawo umene palibe akudziwa kumene unachokera.

Nanga zitsulo zathu?

Makolo athu nawonso anali ndi amisiri. Ankasungunula miyala ya chitsulo mu ng'anjo ya dothi ndi makala, ndipo ng'anjo zina zakale zidakaoneka ku mapiri a Nyika. Pa chipala, wosula ankakoleza moto ndi mvukuto wa chikopa, n'kumamenya chitsulo chofiira mpaka chitasanduka mpeni kapena mkondo. Angonde ankapezanso makasu ndi mikondo kwa Akinga, amisiri a kumapiri a kutsidya kwa nyanja, m'dziko limene lero ndi Tanzania.

Zitsulo zathu zambiri zilibe siliva, zilibenso chidindo cha dzina. Chidindo chake ndi zipsera za nyundo, ndipo mtengo wake wagona pa mbiri. Karonga waona zambiri: nkhondo ya Mlozi, wogulitsa akapolo amene anagonjetsedwa mu 1895, ndi nkhondo ya Angelezi ndi Ajeremani imene inamenyedwa pa boma pano mu September 1914. Mkondo umene banja likudziwa kuti unali m'manja mwa agogo awo m'nthawi zimenezo ndi mboni. Koma agogo odziwa nkhaniyo akatisiya isanalembedwe, mkondowo umangotsala chitsulo wamba. Apa ndi pamene luso lanu lolemba liyenera kugwira ntchito.

Dzimbiri limabwera bwanji?

Chitsulo chikakumana ndi madzi ndi mpweya chimachita dzimbiri. Mchere wa m'thukuta la m'manja umalifulumizitsa. Kuno kunyanja mpweya uli ndi chinyezi, choncho dzimbiri silichedwa. Siliva sachita dzimbiri, amangoda pamwamba. Posamala mpeni wakale, chitani izi:

Upukuteni ndi nsalu youma mukatha kuugwira.
Pakani chitsulocho timafuta tochepa ta makina osokera.
Musaunole, musaukweche ndi mchenga, musaupake penti.
Musausunge nthawi yaitali m'chimake cha chikopa, chifukwa chikopa chimasunga chinyezi.
Uikeni pouma, pamwamba, posafika ana.
Lembani pa pepala dzina la mwini wake woyamba, mudzi wake, amene anausula ndi ntchito imene unkagwira. Sungani pepalalo pamodzi ndi mpeniwo.

Musathamangire kugulitsa

Mlendo akafika ndi ndalama m'manja, yambani mwakambirana ndi abale, popeza chinthu cha makolo mwini wake ndi banja lonse. Dziwaninso kuti lamulo la Monuments and Relics Act limateteza zinthu zakale, ndipo sililola kuzitulutsa m'dziko popanda chilolezo cha boma. Pa boma la Karonga pali nyumba yosungiramo zinthu zakale imene inatsegulidwa mu 2004, momwe muli chifanizo cha mafupa a chinyama chakalekale chotchedwa Malawisaurus pamodzi ndi zipangizo za makolo. Pitani kumeneko mukafunse nzeru musanachite chilichonse.

Mafunso

1. Kodi facón ankaugwiritsa ntchito zanji?
2. Tchulani mafunso anayi amene wogula wodziwa amafunsa.
3. Nambala 900 pa siliva imatanthauza chiyani?
4. N'chifukwa chiyani si bwino kukwecha mpeni wakale ndi mchenga?

Zochita kunyumba

Funsani akuluakulu a kwanu za chitsulo chimodzi chakale chimene chili pabanja panu. Lembani ziganizo zisanu za mbiri yake, mudzawerengere anzanu m'kalasi.