Makalata a Omvera: Phunziro la Tizilombo Tosaoneka ndi Maso

Kalata yotsatirayi yachokera ku Area 47. Mtsikana wina wa chaka choyamba ku yunivesite akuti microbiology, phunziro la tizilombo tosaoneka ndi maso, yamukulira. Mayina ndi a Chilatini, amaloweza usiku wonse koma kukacha waiwala, moti akuganiza zosintha kosi.

Achemwali a ku Area 47, musafulumire. Vuto ndi lakuti mukuyambira pa dzina. Yambirani pa matenda amene mukuwadziwa. Kolera uja anavuta mu 2022 ndi 2023, mpaka sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre kuchedwa kutsegulira mu Januwale 2023, amayamba ndi kachilombo kotchedwa Vibrio cholerae. Dzifunseni, kamalowa bwanji m'thupi? Kudzera m'madzi ndi chakudya chosasamalika. Kakafika m'matumbo kamatulutsa poizoni wochititsa thupi kutaya madzi ambiri, n'chifukwa chake wodwala amamwetsedwa Thanzi ORS. Mukamvetsa zimenezi, dzinalo limakhazikika lokha m'mutu.

Ku labu musajombe. Njira yopaka utoto mabakiteriya imene Hans Christian Gram anatulukira mu 1884 ikugwirabe ntchito m'zipatala. Ena amaoneka apepo, ena apinki, ndipo dokotala amathandizika posankha mankhwala. Maikulosikopu ikachepa, dikirani pamzere, mujambule ndi pensulo zimene mwaona nokha, osati za mnzanu.

Enanu omvera, tizilomboti si tonse toipa ayi. Mukamagula buledi ku Old Town, dziwani kuti wafufuma ndi yisiti, ndipo chambiko chimagwira chifukwa cha mabakiteriya.