ZIMENE DOTOLO WA MANO AMAONA M'KAMWA

Anthu ambiri a ku Mitundu ndi ku Nathenje amafuna dotolo wa mano pokhapokha dzino litawasowetsa tulo, ndipo amangopempha kuti alizule. Koma dotoloyo poyang'ana m'kamwa nthawi zina amapeza zizindikiro za nthenda imene gwero lace liri kwina. M'thupi muli tiziwalo totulutsa timadzi tochedwa mahomoni, timene timayenda ndi magazi kukalongosola nchito za thupi lonse. Timadziti tikacepa kapena kucuruka, m'kamwa simubisa.

1. Nthenda ya shuga. Insulin, imene Banting ndi Best anaipeza ku Toronto mu 1921, ikasowa kapena kulephera nchito yace, shuga amacuruka m'magazi. Pamenepo m'kamwa mumauma, nkhama zimatupa ndi kucita mafinya, mano amagwedera ngakhale sanabooke, lilime limayanga zoyera, ndipo bala la dzino lozulidwa limacedwa kupola. Pa kafukufuku wa 2009 kunapezeka kuti mwa akulu 100 a m'Malawi pafupifupi 6 anali ndi nthendayi.

2. Amai apakati. Mahomoni ao amacuruka, cotero nkhama zimafiira ndi kukha magazi potsuka. Ena amamera kacotupa pakati pa mano, kamene kawirikawiri kamaphwa akabereka. Asaleke kutsuka poopa magaziwo, pakuti litsiro ndilo limakulitsa bvuto.

3. Cithokomiro. Kaciwalo ka pakhosi kamafuna ayodini kuti kagwire nchito. Mwana wobadwa nako kofooka amakhala ndi lilime lalikuru, mano ace amacedwa kumera, ndipo amapinimbira. Cifukwa cace gulani mcere wa ayodini, ndipo mwana wotere mupite naye msanga ku sikelo.

4. Nthenda ya Addison, imene dotolo wa dzinali anaifotokoza ku London mu 1855. Nkhama zakuda za cibadwa si nthenda ai. Koma mawanga akuda obwera catsopano m'masaya ndi pa lilime, pamodzi ndi kufooka ndi kuonda, ayenera kupimidwa, pakuti kuno nthawi zambiri muzu wace ndi cifuwa cacikuru.

Inu akatekisiti, poyendera odwala m'midzi, mukamva munthu akudandaula za ludzu losatha, kukodza pafupipafupi ndi mano ogwedera, musamlole kuthamangira kwa ozula mano a pamsika. Mlangizeni akayezetse magazi ku cipatala ca Mitundu kapena ca Nathenje. Zikakula adzamtumiza ku Kamuzu Central. Kuzula dzino osaciza shuga nkudula nthambi, muzu ukali m'nthaka.